Makilo Seveni pa Sikelo ya Alamu

Tikiti ya ndege imene mwana wawo anawagulira inali yotsika mtengo, ndipo kutsika mtengoko kunali ndi mchira wake: sutikesi ayi. Chikwama chimodzi cha m'manja basi, ndipo chisapose makilo seveni.

"Amayi, kumeneko kulibe zonyengererana," anatero mwanayo pa foni. "Samva zoti ndine agogo, ndikukaona mdzukulu. Akayeza n'kupeza kuti chapitirira, akuuzani kuti muchotse pomwepo, anthu akuona. Seveni ndi seveni."

"Ndamva. Ndinakulera iwe ndi ndalama za kalipentala, ndiye ndigonje ndi chikwama?"

Mwanayo ndi namwino kunja kwa dziko, ndipo chivalireni yunifolomu yoyera, msewu wonse unaiwala mayina a makolo ake. Iwo anasanduka mayi a Nesi, amuna awo bambo a Nesi. Tsopano Nesiyo anali atachira mwana wamwamuna masabata atatu apitawo, ndipo pa foni ankamveka ngati munthu woti tulo anasiyana nato kalekale. Mayi ake anayenera kupita kukamuthandiza miyezi itatu. Bambo ake sakanatha. Sitiroko ya chaka chatha inawasiyira mwendo wokoka, ndi dzanja lamanzere lofumbata ngati likubisa kanthu.

Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, masana, mayi a Nesi anayala zonse pabedi. Madiresi anayi, majuzi awiri chifukwa akuti kumeneko kumazizira ngati m'firiji, nsapato za kutchalitchi, mankhwala a bipi a miyezi itatu, kabulangete kamene anamulukira mwana, mafuta odzola amene Nesi amati kumeneko sawapeza. Anaziyang'ana atagwira m'chiuno. Zinali zochepa kwa munthu wopita miyezi itatu, koma zochuluka kwa ndege.

Alamu awo, mlongo wake wa bambo a Nesi, amene amagulitsa mpunga ndi nyemba ku msika, anafika ndi sikelo m'jumbo. Inali ya ngowe, nkhope yake yozungulira ngati wotchi, galasi lake losweka pakona. Anabweranso ndi makilo awiri a mpunga.

"Uwu ndi wa Nesi. Wa kumeneko ulibe fungo."

"Alamu, ndakuitanani kuti mundichotsere katundu, inu mukubwera ndi wina?"

"Ndi makilo awiri okha!"

"Pa seveni. Ndikavale mpunga kumeneko?"

Anakoleka sikelo pa msomali wa pachitseko, n'kupachika chikwama. Muvi unathamanga n'kukaima pa naini.

"Sikelo imeneyi sinanamepo," anatero alamu akuisisita ngati mwana. "Zaka khumi ndi ziwiri ndili nayo."

Ntchito inayambika. Nsapato za kutchalitchi zinatuluka; Mulungu akawaona ndi zomwe avale paulendozo. Diresi imodzi inatuluka. Botolo la mafuta linatuluka, n'kulowanso, n'kutulukanso alamu atakumbutsa kuti zamadzimadzi zikuluzikulu amalanda. Majuzi onse awiri anagwirizana kuti mayi a Nesi awavale pathupi.

"Thupi sayeza," anatero alamu. "Akanati aziyeza, ine sindikanadzakwerako ndege mpaka imfa."

Atayeza kachisanu, muvi unaima pa seveni ndendende. Mayi a Nesi anakhala pamphepete pa bedi n'kupumira m'mwamba. Msana unkawawa ngati achapa zovala za mpingo wonse.

Ndi pamene anamva mwendo uja ukubwera m'khonde. Phazi, kukoka. Phazi, kukoka. Bambo a Nesi analowa atapanira chinthu kukhwapa, chokulunga m'nyuzipepala. Anachiika pabedi n'kuchimasula ndi dzanja limodzi, pang'onopang'ono, osafuna thandizo.

Inali lole ya thabwa, yaitali ngati kuchoka pa chigongono kufika ku zala. Mutu ndi ngolo anazisema pa thabwa limodzi. Inali ndi matayala asanu ndi limodzi, ndipo m'ngolomo munali mokumba bwino moti mwana n'kuikamo timiyala. Panalibe msomali ngakhale umodzi, kuti isamubaye. Panalibenso penti, kuti akafuna kuiluma ailume.

Mayi a Nesi ankaidziwa loleyo. Miyezi isanu ankaimva ikupangidwa ku shedi kuseri kwa nyumba, chimvereni bambowo kuti Nesi ndi woyembekezera. Ankamva thabwa likugwa, kenako chete, kenako mawu amene mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa. Chinali chinthu choyamba kutuluka m'shedimo chidwalireni. Koma m'miyezi yonseyo sanaganizepo kuti chinthucho chidzafuna malo m'chikwama chawo.

"Ya mdzukulu," anatero bambo a Nesi.

"Abambo, mwanayo ali ndi masabata atatu. Khosi lenilenilo silinalimbe. Akayendetsa lole ndi chiyani?"

"Akula."

"Akula, inde. Koma chikwama changa sichikula."

Komabe anaiika m'chikwama n'kupachika pa ngowe, kuti bambowo adzionere okha. Muvi unadutsa seveni n'kukatsamira pa eyiti.

"Mwaona? Ndichotse chiyani tsopano? Mankhwala? Ndikafere kwa eni chifukwa cha lole?"

Bambo a Nesi anayang'ana muviwo nthawi yaitali. "Mudziwa nokha," anatero. "Odziwa kulongedza ndinu." Anatembenuka n'kuyamba kukoka mwendo.

"Chabwino, ndiona!" anakuwa mayiwo kumsana kwawo, mawu amene anawalerera ana ndi kuthamangitsira ogulitsa zinthu pakhomo.

Alamu atatsanzika ndi sikelo yawo, mayi a Nesi anaonadi. Anaona kabulangete, koma kameneko analuka okha usiku ndi usana, ndipo khanda limafunda bulangete, silifunda thabwa. Anaona madiresi atatu otsalawo. Munthu ungakhale miyezi itatu kwa mkamwini ndi madiresi awiri, ngati wothawa nkhondo? Anatulutsa lole. Inali yosalala ngati tsaya la mwana. Sandipepa yense amene bambowo ankawatuma kukagula anathera pamenepo. Ali chiigwirire, anamvanso mwendo uja m'khonde. Anakwera pampando msangamsanga, n'kuiponya pamwamba pa wadilopu, n'kuifunditsa thaulo lakale. Pamenepo bambo a Nesi sakanafikapo ngakhale atafuna. Wadilopuyo inagwedera pang'ono, pakuti mwendo wake umodzi wakutsogolo ndi waufupi, ndipo yakhala yoweramira kutsogolo chikwatiraneni. Nyumba ya kalipentala imatero.

Pa chakudya chamadzulo, dzuwa lisanalowe n'komwe, bambowo anafunsa osadzutsa mutu.

"Yalowa?"

"Yalowa. Ili pansi penipeni, ndaikulunga ndi diresi."

Bodzalo linatuluka losalala ngati loleyo. Bambowo akanangoti "chabwino" zikanapepuka. Koma bambo a Nesi anaika supuni pansi, n'kupukuta pakamwa, n'kunena kuti, "Zikomo, mayi a Nesi." Kenako anawonjezera chakudya, munthu amene miyezi yonseyi ankachita kukakamizidwa ngati mwana wodwala. Anayamba kulongosola kuti matayalawo azikawapaka kandulo akayamba kulira, osati mafuta. Kuti akamuuze mkamwini asayerekeze kuipenta. Kuti akajambule chithunzi mwanayo ali nayo pafupi, ngakhale ali m'tulo.

"Ndamva, abambo. Idyani, zikuzizira."

Mayi a Nesi anadzuka n'kusonkhanitsa mbale. Potsuka mbale anadziuza zoona zokhazokha. Anati amene anaika malire a seveni si iwo. Anati akafika akanena kuti a pabwalo la ndege analanda, ndipo ndani angakafunse? Anati munthu amene wakhala akusambitsa mwamuna wamkulu chaka chathunthu, kumumanga mabatani, kumudulira nyama m'mbale, ali ndi ufulu wonyamula madiresi atatu. Zonsezo zinali zoona. Koma mbale imodzi anaitsuka kawiri.

M'mawa mwake, ali m'bafa, anamva chinthu chikugwa kwinakwake m'nyumba, phii! Anati ndi mphaka wa aneba, amene amalowa pawindo ngati amalipira lendi. Atatuluka anayamba kusita diresi ya paulendo, ndipo ndi pamene sowo inayamba kulira ku shedi. Inkalira moduladula, kukoka kawiri n'kuima, kukoka kawiri n'kuima.

Anasuzumira pawindo. "Abambo! Masiku onsewa mwaona lero lomwe kuti mucheke matabwa? Takisi ikubwera teni koloko!"

Sowo inaima pang'ono, kenako inapitiriza.

Bambowo analowa nthawi itatha kale, utuchi uli pa thalauza la kutchalitchi, chala chachikulu cha dzanja lodwala lija atachikulunga ndi kansanza kofiira magazi.

"Taonani! Taonani zimene mwachita! Ndikukusiyani miyezi itatu, ndiye mukuyamba kudzidula ndisanatuluke n'komwe pageti?"

"Sichikupweteka. Dzanja limeneli silimva."

"Ine ndiye ndikumva." Anawatsuka chalacho, n'kumata pulasitala mwaukali, n'kuwaphumula utuchi ngati akupuntha mphasa. Bambowo anavala jekete yawo yaikulu ya nthawi yozizira, kunja dzuwa likuswa mtengo. Mayiwo anafuna kufunsa, koma anadziyang'ana okha ali m'majuzi awiri n'kuzisiya. Polowa kuchipinda kukatenga chikwama, maso awo sanakwere pamwamba pa wadilopu. Anayang'ana pansi mpaka kutuluka.

Alamu, amene anavomera kudzakhala ndi mlongo wawo miyezi itatuyo, anakhala kutsogolo m'takisi n'kuyankhula njira yonse ya ola ndi theka.

Pabwalo la ndege mayi a Nesi anawasiya bambowo ndi alamu pampando wachitsulo pafupi ndi khomo, iwo n'kukaima pamzere. Kutsogolo kwawo bambo wina wa suti anali atagwada pansi, chikwama chili yasa, akutulutsa mabuku ndi nsapato, makabudula amkati ali poyera. Mayi a Nesi anamumvera chisoni, komanso mumtima anati: ukanabwereka sikelo.

"Ikani apa, mayi," anatero mtsikana wa pakauntala atayang'ana pasipoti.

Anaika. Manambala ofiira anaphethira n'kuima.

"Sikisi. Mwalongedza bwino, mayi. Ena timachita kukangana nawo."

"Mwati bwanji?"

"Makilo sikisi. Mwatsala ndi kilo yathunthu."

"Ayi, mwanawe, yezanso. Kunyumba chinali seveni ndendende."

Mtsikanayo anaseka, ananyamula chikwama n'kuchiikanso. "Sikisi, mayi. Yathuyi amaiyesa mwezi ndi mwezi. Ndinu oyamba kudandaula kuti chachepa."

Thukuta limene linali m'majuzi awiri aja linazizira nthawi imodzi. Kilo yathunthu. Sikelo ya alamu inkawonjezera pa kilo iliyonse, ndipo zaka khumi ndi ziwiri msika wonse unkagula mphepo. Iwonso, amene sagula phwetekere osamutembenuza katatu, anatenga sikelo ya wogulitsa n'kuyezera nayo miyezi isanu ya mwamuna wawo.

Anatenga chikwama ndi chiphaso chokwerera n'kubwerera ku mpando uja, mawu a alamu atawakonza kale pakamwa, otentha. Koma atayandikira anaona bambo a Nesi atakhala mowongoka m'jekete yawo, pulasitala ili mbee pachala, akuwayang'ana ngati mwana amene akudikira zotsatira za mayeso. Mawu aja anasungunuka. Sikelo inaba, inde. Koma amene anakwera pampando kukabisa lole si sikelo.

"Zatheka?" anafunsa bambowo.

"Abambo." Anaika chikwama pansi. "M'chikwamamu mulibe lole. Ndinakunamizani dzulo. Ili pamwamba pa wadilopu, pansi pa thaulo."

Alamu anagwira pakamwa.

"Siili pa wadilopu," anatero bambo a Nesi. "Inatsika yokha m'mawa, inu muli m'bafa. Matayala aja ndinawapanga bwino."

Analowetsa dzanja lamanja m'kati mwa jekete, n'kulimbana ndi thumba kwa kanthawi, n'kuitulutsa. Unali mutu wokha, ndi matayala anayi. Kumbuyo, pamene panali ngolo, panali podula mokhota, poyera, pokhakhala, ndi kadontho kofiirira pakona.

"Ndinaona kuti cholakwa ndi changa," anatero. "Ndinasankha thabwa lolemera. Kalipentala amayamba wafunsa muyeso asanadule, ine sindinafunse. Ndiye ndachotsa ngolo. Sandipepa sindinapeze nthawi, munkakuwa. Mwina pano ingakwane m'thumba la juzi. Paja alamu anuwa anati thupi sayeza."

Mayi a Nesi anailandira ndi manja awiri. Inali yopepuka ngati mkate. Apa panali njira yapafupi, ndipo anaiona bwinobwino: kunena zikomo, kuiika m'juzi, kutsanzika, bambowo n'kubwerera kunyumba akudziwa kuti sowo yawo yapulumutsa zinthu. Bodza lachiwiri likanakhala lachifundo kuposa loyamba. Koma loyamba lija linali likadali pakhosi, losamezeka.

"Ikanalowa yonse," anatero. "Ndi ngolo yomwe. Chikwamachi ndi makilo sikisi. Sikelo ija imaba."

Bambo a Nesi anatsitsa maso. Anayang'ana chikwama, anayang'ana mutu wa lole, anayang'ana chala chawo. Pa zokuzira mawu munthu wina ankaitana anthu a ndege ina. Mayiwo analakalaka bambowo atakalipa, atatukwana mawu a ku shedi aja, chilichonse. M'malo mwake anatembenukira kwa mlongo wawo pang'onopang'ono.

"Iwe. Mpunga uja takhala tikugula kwa iwe zaka zonsezi?"

"Aa, achimwene, pansipansi, anthu akumva! Ndi kasipuling'i kanangotopa pang'ono."

"Kanatopera mbali yako yokha?"

"Inuyo ndimakuikirani basela nthawi zonse!"

"Basela wa mpunga wanga womwe."

Anaseka, kuseka kwa mbali imodzi kumene sitiroko inawasiyira. Mayi a Nesi sanathe kuseka nawo.

"Ngoloyo ili kuti?"

"Pabenchi, ku shedi."

Anayang'ana wotchi ya pakhoma, ngakhale ankadziwa kale. Ola ndi theka kupita, ola ndi theka kubwera. Ndege sidikira ngolo.

"Tingatumize pa positi," anatero. "Kapena wina akamapita. Mkamwini angathe kumata, guluu aliko kumeneko."

"Mkamwini wanu uja sadziwa kugwira ndi hamala yomwe. Isiyeni. Mwanayo akadzayamba kuyenda adzabwere ndi mutu wake, adzapeze ngolo kwa agogo ake. Ndidzamata ndekha."

Onse awiri ankadziwa zimene Nesi ananena, kuti sangabwere zisanathe zaka ziwiri. Onse awiri ankadziwanso zimene adokotala ananena za sitiroko yachiwiri. Mayi a Nesi anagwada pa simenti yoterera ija, m'majuzi awo awiri, anatsegula chikwama, n'kukulunga mutu wa lole ndi kabulangete ka mwana, n'kuuika pamwamba penipeni, bambowo akuona. Malo anatsalabe.

"Ndalakwa, bambo a Nesi," anatero akadali pansipo, akulimbana ndi zipi imene sinkavuta n'komwe.

"Dzukani, mudetsa diresi. Muli nawo atatu okha."

Anadzuka. Anawakonza kolala ya jekete, anawauza kuti pulasitala asinthe mawa ndipo chalacho chisalowe m'madzi. Kwa alamu anangoti, "Mapilitsi oyera m'mawa, achikasu madzulo. Muziwerenga ndi maso, osati ndi sikelo yanu ija."

Pa makina ounikira katundu, msilikali wa pachipata anawauza kuti atsegule chikwama. Anatulutsa chinthu cha m'kabulangete chija, anachitembenuza, n'kuchikankha patebulo. Chinayenda bwinobwino mpaka kumapeto, osalira.

"Ya mdzukulu?" anafunsa akumwetulira. "Nanga ngolo yake agogo anaiwala?"

"Sanaiwale," anatero mayi a Nesi. "Bweretsani kuno."

M'ndege, mtsikana wa yunifolomu anafuna kuwathandiza kukweza chikwama m'kabati ya pamwamba, koma iwo anachikweza okha ndi dzanja limodzi. Lole anatsala nayo pamiyendo. Mayi wa pampando woyandikana nawo anayang'ana majuzi awiri aja, n'kufunsa ngati akudwala malungo. Mayi a Nesi anatsegula kachikwama ka mapilitsi, n'kupeza kachidutswa kotsalira ka chopalira zikhadabo, kaja kokhala ngati sandipepa. Ndege isananyamuke n'komwe anali atayamba kupala podula paja, pang'onopang'ono, utuchi ukugwera pa diresi, kuti pasakamubaye mwana. Pakona pa kadontho kaja anapalambalala.